Wosekedwayo ayankhire kuti?

Ku Angónia kuno vidiyo yoseketsa imayenda msanga kuposa thumba la mbatatesi. Thumba limadikira galimoto, limaima pa malire a Calómuè, limafunsidwa mapepala. Vidiyo siifunsidwa kanthu. Ikajambulidwa m'mawa pa msika wa Lizulu, masana yafika pa Ulónguè, ndipo usiku anyamata a ku Dómuè akuionera pa baraka, mmodzi atagwira foni, anzake akusuzumira pa phewa. Ambiri a ife a m'malire tili ndi makhadi awiri m'foni, ina ya Movitel kapena Vodacom, ina ya Airtel kapena TNM, ndiye timatunga zitsime ziwiri: zoseketsa za ku Maputo ndi Tete m'Cipwitikizi, za ku Lilongwe ndi Blantyre m'cinenero cathu. Amene alibe ma megas sasowa. Amakathiritsa pa Bluetooth kapena pa memori khadi, komwe amachajitsa foni.

Kuseka sindikutsutsa ayi. Mtundu umene umaseka ngakhale pa maliro sungauzidwe ndi kabuku kuti uleke phwete. Cimene ndikufuna kuti tione n'cakuti mavidiyo amene timatumizirana si amtundu umodzi, ngakhale kuti onse timawalandira ndi "kkkk" yemweyo.

Alipo amene anthu amakonza dala kuti tiseke. Awa ndi adzukulu a Izeki ndi Jakobo, sewero la a John Nyanga ndi a Eric Mabedi a ku Malawi, amene mawu ao ankamveka mpaka mbali ino ya malire. Onse awiri anatisiya, a Nyanga mu 2016, a Mabedi mu 2021. Luso lao linali lakuti ucitsiru ankauvala okha ngati malaya. Ukamawaseka unkaseka munthu wadyera, wonyada, wabodza, amene aliyense amamudziwa m'mudzi mwake koma alibe dzina. Acinyamata a lero amene akujambula timasewero pa Facebook ndi TikTok akuyenda m'njira yomweyo, ena bwino ndithu. Vuto lao ambiri ndi kufuula. Amaganiza kuti mnyamata akavala citenje ndi duku n'kuyamba kukuwa, nthabwala yatha kale kupsa. Sadziwa kudikira, sadziwa kuti nthawi zina cimene cimagwetsa anthu ndi kukhala cete kwa munthu amene wagwidwa bodza. Koma zimenezi ndi zolakwa za wophunzira nchito, zidzatha. Amadziseka okha, ndipo mawa akhoza kuyenda pa msika mutu uli m'mwamba.

Alipo ena amene amanyamula munthu n'kumukweza. Citsanzo cimene tonse tikucidziwa ndi ca a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930. Nyimbo yao ya "Linny Hoo", imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok mpaka kuonedwa maulendo oposa mamiliyoni 80, anthu a m'maiko akutali akuivina ndi kuiika m'mavidiyo ao osamva ngakhale liwu limodzi. Anthu ankamwetulira poona gogo akuimba ndi mtima wonse, koma kumwetulira kwake kunali kwa ulemu. Ngakhale apo panali cina cowawa: atolankhani atapita kwao anapeza kuti mwini nyimbo analibe foni yoonera zimenezi, ankacita kuonetsedwa ndi ena. Dziko linavina, mwini ng'oma akumva za m'maluwa.

Tsono pali mtundu wacitatu, umene ndi woculuka m'mafoni mwathu ndipo ndi umene umathamanga kwambiri. Awa ndi mavidiyo obedwa. Bambo wamwa kacasu, wagwa m'ngalande, buluku lathothoka. Amai awiri a pa mitala akukokana tsitsi pa cigayo. Munthu wodwala mutu akulankhula yekha pa msika ndipo wina akumuputa dala kuti akalipe. Gogo akufunsidwa funso m'Cipwitikizi n'kumalimbana nalo, lilime likukana. Onsewa sanapemphedwe. Ambiri sadziwa n'komwe kuti alowa m'foni, amadzamva patapita masiku, ana a sukulu akubwereza mawu ao kumbuyo.

Za gogo wa Cipwitikizi cophotcoka ndiimepo pang'ono, cifukwa amene amamuseka ndi adzukulu ake enieni. Pa nkhondo ya zaka 16 midzi yambiri ya kuno inatsala mabwinja. Anthu anaolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo Malawi anasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu n'kuyamba kubwerera. Mwana amene anali wa msinkhu wa sukulu m'zaka zimenezo, ngati anaphunzira n'komwe, nthawi zambiri anaphunzira pansi pa mtengo kapena m'kalasi ya ku Malawi, ndipo wina sanalowemo konse cifukwa ankasaka nkhuni ndi maganyu. Lero ndi munthu wa zaka makumi anai kapena asanu. Amake, amene anamubereka kumbuyo poolokera, ndiwo agogo a m'vidiyo aja. Lilime limene likukana Cipwitikizilo lili ndi mbiri, koma vidiyo ya masekondi makumi awiri ilibe malo oikamo mbiri. Imangosiya kuphotcoka kokha.

Wina anena kuti Acewa ndi Angoni takhala tikusekana kuyambira kale, nanga calakwika lero n'ciyani? N'zoona, ndipo kusekana kwathu sikunali kofewa. Msuweni amakutukwana pamaso pa anthu, amakuuza kuti ndiwe mkazi wake wothawa, amakulanda nkhuku. Adzukulu pa maliro amatsanzira kayendedwe ka malemu, amachula ngongole zake, ofedwa n'kuseka misozi ili m'maso. Koma taonani mmene zinakonzedwera. Sikuti aliyense amaseka aliyense. Msuweni ali ndi cilolezo cifukwa mawa iwenso udzamubwezera, ndipo tsiku la mavuto ndi iye adzayamba kufika. Mdzukulu amene akuseka malemu ndi yemweyo wakumba manda. Mlendo wodutsa atayerekeza kunena mawu omwewo, nkhani ikathera kwa mfumu. Ndiponso zonsezi zili ndi nthawi yake: maliro akatha, nthabwala za pa maliro zimatsala konko.

Gule Wamkulu ndiye mphunzitsi wamkulu wa kuseka koteroku. Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maria, amene anatengedwa ku zifanizo za ku mishoni, anabadwa poseka anthu amphamvu amene sakanasekedwa poyera. Zilombo zina zimatsanzira cidakwa, waciwerewere, waulesi. Wolakwayo amakhala pomwepo pa bwalo, amadzimva yekha, koma dzina lake silichulidwa, ndipo nkhope imene anthu akuiseka ndi ya mtengo. Mu 2005 UNESCO inalemekeza guleyu monga cuma ca anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Koma onani zimene foni ikucita naye. Pa gule wa tsiku lonse, wojambula amasankha pamene cilombo caterereka, kapena pamene cikuthamangitsa munthu wa njinga, n'kuikapo kanyimbo ka ku tauni. Nyimbo ya amai imene inali ndi tanthauzo yadulidwa, maliro kapena cinamwali cimene cinaitanitsa guleyo sicikuoneka. Cimene cinkaseka anthu casanduka cosekedwa.

Nditengereni ku ndemanga za m'munsi mwa vidiyo, cifukwa n'kumene kumaoneka mtima wa oonera. M'gulu la pa WhatsApp la anthu a mudzi umodzi, nthawi zina pamapezeka wina wolemba kuti, "Amenewo ndi amalume a uje, cotsani." Pamenepo cisuweni cikadali ndi moyo pang'ono. Vidiyo ikatuluka m'mudzi, mawu otere samvekanso. A kumwera amalemba "xingondo", liwu limene amanyozera nalo anthu a pakati ndi kumpoto kwa dziko. A ku tauni za ku Malawi amalemba za umbuli wa kumudzi. Ife a m'malire timamenyedwa mbali zonse ziwiri: kuno Cipwitikizi cathu cimanunkha Malawi, uko Cinyanja cathu cili ndi mawu a Cipwitikizi. Codabwitsa n'cakuti amene anajambula ndi kutumiza koyamba si wa ku Maputo kapena Blantyre. Ndi mwana wa pa mudzi pomwepo, amene anasangalala kuona kuti anthu ambiri akanikiza cala pa vidiyo yake.

Kumene njira imeneyi imakathera tinakuona mu Juni 2022, pamene BBC Africa Eye inaulutsa kafukufuku wochedwa "Racism for Sale". Atolankhani Runako Celina ndi Henry Mhango anatsata vidiyo ina imene inafalikira ku China mu 2020, mpaka anakafika m'dera la Njewa pafupi ndi Lilongwe. Kumeneko munthu wa ku China, Lu Ke, ankasonkhanitsa ana a m'mudzi, kuwavinitsa ndi kuwanenetsa mawu a Cichaina amene iwo sankawamva. M'vidiyo imene inayambitsa kafukufukuyo ana ankadzinyoza okha cifukwa ca khungu lao, akumwetulira. Mavidiyo otere ankagulitsidwa kwa anthu ofuna kusangalatsa anzao. Nkhani itaphulika iye anathawira ku Zambia, anagwidwa ku Chipata, anabwezedwa ku Malawi, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa n'kulamula kuti acoke m'dzikomo.

Tonse tinakwiya, ndipo tinayenera kukwiya. Koma tacotsani mlendoyo ndi ndalama zake, muone cotsala: munthu wosadziwa cimene cikumucitikira, foni m'manja mwa wina, ndi khamu lakutali limene silidzamva yankho lake. Kodi si momwemo mmene timajambulira wodwala mutu pa msika? Kusiyana kulipo, sindikukana. Wathuyo sanagulitse kanthu, ndipo mwina sanaganize zoipa. Kwa wojambulidwayo kusiyanako n'kocepa.

Malamulo alipo mbali zonse ziwiri. Ku Mozambique Código Penal ya 2019 imaletsa kujambula ndi kufalitsa zithunzi za moyo wa munthu popanda cilolezo cake. Ku Malawi kuli Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Koma lamulo lili ngati thumba la mbatatesi lija, limaima pa malire. Ndiponso mai wa ku Tsangano amene wasekedwa ku Lilongwe sangasiye munda kuti akasume foni imene saidziwa mwini wake. Bwalo limene lingathe kufika pa wojambulayo ndi la mfumu, cifukwa iye yekha ndi amene ali pafupi, ndipo amadziwika kuti ndi mwana wa yani. Makolo athu anali ndi cindapusa ca wotukwana wamkulu ndi ca woulula za kudambwe. Mlandu wa kujambula munthu ali m'manyazi ake ndi wa banja lomwelo, ndipo nkhuku kapena mbuzi yake ingachulidwe popanda kudikira Maputo.

Kwa acinyamata amene ali ndi dzanja la kujambula, nkhani zoseketsa za eni ake zili mbwee ndipo palibe akuzigwira. Wosintha ndalama amene amawerenga kwacha ndi meticais mofulumira kuti usokonezeke. Mkamwini amene munda wake uli ku Mozambique koma apongozi ali ku Malawi, ndipo mbali iliyonse amanamizira kuti nchito yamucedwetsa mbali inayo. Foni imene imalumpha yokha kupita ku netiweki ya dziko lina uli m'khichini mwako, n'kudya kredito yonse. Sewero lotere likufuna anthu atatu, foni imodzi ndi masana amodzi, ndipo ngakhale agogo aja akhoza kupempha kuti awabwerezere.