Makina, Malire ndi Umunthu: Kusanthula Masewero Opeka a Sayansi a pa Wailesi Yakanema

Dziko la Malawi linachedwa kukhala ndi wailesi yakanema. Pamene ku Zambia nyumba youlutsira zithunzi inatsegulidwa ku Kitwe m'chaka cha 1961, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda silinalole chinthu chotere m'nthawi yonse ya ulamuliro wake, kotero kuti Television Malawi inadzayamba ntchito mu 1999. Munthu wa ku Mchinji amene anali ndi abale ku Lusaka kapena kumigodi ankabwerako ndi nkhani za bokosi loonetsa anthu akuyenda, ndipo omvera ankangopukusa mitu. Lero zinthu zinasintha. M'misika ya Kamwendo, Mkanda ndi pa Boma muli tinyumba toonetsera kanema, ndipo masewero ambiri amayenda m'matumba a achinyamata, pa foni ndi pa timakadi tosungira zithunzi. Pakati pa masewerowa pali mtundu wina umene akuluakulu amaukayikira kwambiri: nkhani zopeka za sayansi, zonena za zombo zoyenda pakati pa nyenyezi, za makina oganiza ngati munthu ndi za nthawi imene isanafike. Kholo lina limati zimenezi ndi bodza lotayitsa nthawi, lina limati ndi ufiti wa Azungu. Maganizo onse awiriwa ndi ofunika kuwayesa pa masewero enieniwo.

Mlandu wa bodza ndi wosavuta kuuzenga. Nthano iliyonse ndi bodza, koma palibe gogo amene analekapo kuphera adzukulu nthano chifukwa chakuti Kalulu salankhula. Ndiponso nkhani yofunsa za mphamvu ndi kuopsa kwa luso la munthu si yachilendo pakati pa Achewa. Nthano ya pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri natulukira moto. Tchire linapsa, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, njovu ndi mkango zinathawa zili ndi chidani, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Apa pali wotulukira, pali chida chatsopano, pali phindu, pali ndi mtengo wake woopsa. Sewero labwino la sayansi limayenda m'mapazi omwewa, kungoti m'malo mwa timitengo limaikamo kompyuta.

Mlandu wa ufiti ndi wozamirapo. M'sewero la Star Trek, limene Gene Roddenberry analiyambitsa ku America mu 1966, munthu amaimirira pa kabwalo, nazimiririka, naonekera kudziko lina m'kanthawi kochepa. Woonera wa kumudzi sangalephere kukumbuka mbiri ya anthu ouluka usiku pa lichero. Koma kusiyana kwake nkwakukulu, ndipo mpamene pagona kukoma kwa masewerowa. Ufiti, monga momwe anthu amaufotokozera, ndi wachinsinsi, umachitika mumdima ndipo mwini wake amaukana masana. Makina a m'sewero ali poyera. Ali ndi mmisiri wake wodziwika, amene anapita kusukulu. Amawonongeka, amakonzedwa, ndipo aliyense wakhama angathe kuphunzira kuwayendetsa. Mpangankhani wokondedwa m'masewerowa kawirikawiri sakhala msilikali, koma mmisiri wokwawa pansi pa injini atagwira sipanala. Kunena zoona, mafotokozedwe a makinawo nthawi zambiri amangokhala mawu aataliatali opanda nsonga, ndipo wophunzira amene angawalembe pa mayeso a fizikisi adzalira. Komabe mtima wake ndi woona: chodabwitsa chilichonse chili ndi chifukwa chimene munthu angachifufuze.

Mwa masewero onse a m'banja la Star Trek, loyenera kukambidwa mofatsa ndi munthu wa m'boma la m'malire ndi Deep Space Nine, limene linaulutsidwa kuyambira 1993 mpaka 1999. M'masewero anzake chombo chimayendayenda: lero chafika dziko ili, chathetsa vuto, mawa chapita, osadzaonanso zotsatira za chigamulo chake. Deep Space Nine siliyenda. Malo ake ndi siteshoni yokhazikika m'mlengalenga, pafupi ndi dziko la Bajor ndi khomo lolowera kuchigawo china cha nyenyezi. M'mawu ena, ndi chipata cha pamalire. Pamenepo pamadutsa amalonda, othawa nkhondo, akazitape, azibusa ndi ozembetsa katundu. Pali Quark, mwini malo omwera, amene amadziwa mtengo wa chinthu chilichonse ndi njira yochilowetsera mwamseri. Pali Odo, mkulu wachitetezo, amene amathera moyo wake wonse akulondalonda Quark, ngakhale kuti awiriwo sangakhale popanda mnzake. Aliyense amene anaimapo pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, naona osintha ndalama akukupiza makwacha a maiko awiri, kapena anakumanapo ndi njinga zosenza matumba m'tinjira ta m'tchire mbandakucha, sangafunse kuti apangankhani awiriwa ndi anthu otani. Amawadziwa kale.

Kukhazikika kumeneku kumapatsa sewero mwayi wofunsa funso lovuta: kodi anthu amakhala bwanji moyandikana nkhondo itatha? Dziko la Bajor langotuluka kumene m'ulamuliro wankhanza wa a Cardassia, ndipo wachiwiri kwa mkulu wa siteshoni, Kira Nerys, anali msilikali womenyera ufulu. Mu gawo lotchedwa Duet, la mu 1993, pasiteshoni pafika munthu wa ku Cardassia amene akudzitcha Gul Darhe'el, mkulu wa ndende ya thangata ya Gallitep kumene anthu ambiri anaphedwa. Iye akudzitama ndi nkhanza zake, ndipo Kira akufunitsitsa kuti aphedwe. Pofufuza zipezeka kuti munthuyo si Darhe'el ayi, koma Marritza, kalaliki wamba wa pandendepo, amene ankamva kulira kwa akaidi usiku nadziphimba makutu chifukwa cha mantha. Wasintha nkhope yake dala kuti azengedwe mlandu poyera, mtundu wake uvomereze tchimo lake. Kira ammasula, koma asanachoke pasiteshoni munthu wina wa ku Bajor ambaya ndi mpeni, chifukwa chokha chakuti ndi wa mtundu umenewo.

Gawo limeneli lilibe nkhondo ya zombo ngakhale pang'ono. Pafupifupi lonse ndi anthu awiri akulankhulana kudzera pa khomo la chitokosi, ndipo mphamvu yake yagona pa mawu ndi pa kusintha kwa mtima wa Kira, amene ayamba ndi chidani natsiriza akuteteza mdani wake. Dziko limene linasunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi mtendere wa 1992 usanabwere, ambiri mwa iwo m'maboma a m'malire, silingaone nkhani yotere ngati yakutali. Nkhope zopakidwa ndi mphumi zamakwinya za apangankhani zimagwira ntchito imene chigoba chimagwira m'bwalo la gule: zimabisa munthu kuti khalidwe lake lionekere bwino. Nkhani imene ikanautsa mkangano ikanatchula mitundu yeniyeni, imamveka mosavuta ikanenedwa za anthu a ku nyenyezi.

Funso lina limene masewerowa amalikonda ndi lakuti munthu ndani. Mu Star Trek: The Next Generation muli Data, makina opangidwa m'chifanizo cha munthu, ogwira ntchito m'chombo monga ofesala. Mu gawo la The Measure of a Man, la mu 1989, lolembedwa ndi Melinda Snodgrass, katswiri wina afuna kumphwasula Data kuti apange ena ambiri onga iye. Data akana, ndipo nkhani ipita kubwalo la milandu kuti aweruze ngati iye ndi katundu wa boma kapena ndi mwini moyo wake. Woimira mbali yotsutsa amchotsa mkono pamaso pa woweruza, kenaka amzimitsa monga momwe munthu amazimitsira wailesi. Umboniwo uoneka wosatsutsika mpaka pamene Guinan, mbali imene anasewera Whoopi Goldberg, akumbutsa Kaputeni Picard kuti m'mbiri ya maiko mwakhala muli anthu ogwiritsidwa ntchito zolemetsa popanda wowawerengera. Apo Picard azindikira kuti mlanduwo ndi wa ukapolo. Mwana wa Chichewa amaidziwa kale nkhani ya cholengedwa chopangidwa ndi manja: Kamdothi, mwana woumbidwa ndi mayi wosabereka, amene anasungunuka mvula itampeza panjira. Palibe womvera nthanoyi amene amati chinasungunukacho linali dothi chabe. Kusiyana kwake nkwakuti nthano imalira maliro a Kamdothi, pamene sewero limamtengera kubwalo kukamfunira ufulu.

Si masewero onse amene amalonjeza tsogolo labwino. Black Mirror, limene Charlie Brooker analiyambitsa ku Britain mu 2011, kawirikawiri silipita kunyenyezi. Limangotenga foni imene ili m'thumba nkuikankhira patsogolo pang'ono. Mu gawo la Nosedive, la mu 2016, anthu amapatsana mapointi akakumana, ndipo nyumba imene munthu angachite lendi kapena ndege imene angakwere zimadalira mapointiwo. Wachinyamata amene amawerenga kangapo patsiku anthu okonda chithunzi chake pa Facebook sangaseke momasuka. Koma seweroli lili ndi chilema cha mlaliki wa uthenga umodzi: ukaona magawo angapo umadziwiratu kuti mathero ake adzakhala owawa.

Chilema chachikulu cha masewero otchuka a mtunduwu chili pena. Tsogolo limene amaonetsa ndi la eni ake. Nzoona kuti Star Trek inachita chinthu chachilendo mu 1966 poika mkazi wakuda, Nichelle Nichols, pa udindo m'chombo, ndi dzina lakuti Uhura lochokera ku liwu la Chiswahili lotanthauza ufulu. Mae Jemison, mkazi wakuda woyamba kupita m'mlengalenga mu 1992, ananena kuti mpangankhani ameneyu anamlimbikitsa. Nzoonanso kuti mkulu wa Deep Space Nine, Benjamin Sisko, ndi munthu wakuda, ndiponso kuti Ncuti Gatwa, wobadwira ku Kigali, anatsogolera Doctor Who kuyambira 2023 mpaka 2025. Komabe likulu la gulu la zombo za Star Trek lili ku San Francisco, ndipo alendo a m'nyenyezi zakutali amamveka akulankhula Chingerezi chosalala, ati chifukwa cha makina omasulira. Afirika amatchulidwa mwa apo ndi apo. Munthu angaone magawo mazanamazana osapeza munda, khasu kapena mwambo wa maliro wonga wakwawo. Wophunzira woonera mosaganiza angatulukemo ndi phunziro loipa, lakuti mawa amakonzedwa kwina ndipo kuno amangofika ngati kaunjika.

Chodabwitsa nchakuti tsidya lina la malirewa maloto a zam'mlengalenga anayamba kale. Mu 1964, chaka chimene Malawi ndi Zambia analandira ufulu, mphunzitsi wina wa ku Zambia, Edward Makuka Nkoloso, analengeza kuti dziko lake lidzapambana America ndi Russia pa ulendo wa kumwezi. Ankaphunzitsa achinyamata ake powagubuduza m'migolo kuchokera pamtunda. Atolankhani akunja anamseka, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati iye ankanenadi zoona kapena ankanyodola mpikisano wa maiko olemera. Chimene sichitsutsika nchakuti iye anakana kuti thambo likhale ndi eni ake. Patapita zaka pafupifupi 60, mu 2023, Netflix inatulutsa Supa Team 4, sewero la zithunzi zojambula lopekedwa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia. Limanena za atsikana anayi a kusekondale, mu Lusaka wa m'tsogolo, amene alembedwa ntchito yopulumutsa mzinda ndi kazitape wopuma pantchito, Mama K. Tsatanetsatane wa nkhani yake si watsopano, pakuti wabwereka zambiri kwa ngwazi za m'makatuni a ku America, ndipo cholinga chake ndi ana. Koma malo ake ndi mzinda umene munthu wa ku Mchinji angaufike pa basi tsiku limodzi kudzera ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndipo atsikanawo amadera nkhawa mayeso ndi makolo monga anzawo onse.

Ku Malawi ntchito imeneyi yayambira m'mabuku. Shadreck Chikoti anasindikiza Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani yochitika mu Afirika wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo ku Lilongwe kunatulukanso buku la nkhani zazifupi la Imagine Africa 500. Onse awiriwa ali m'Chingerezi. Ena amati Chichewa chilibe mawu okwanira kusenza nkhani za sayansi, koma kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind, wa mu 2019, wonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, boma loyandikana ndi Mchinji, anafotokoza za dainamo ya njinga ndi makina amphepo mbali yaikulu ili m'Chichewa, ndipo anaonetsedwa m'maiko ambiri. Umboni wina uli m'tinyumba ta kanema ta m'misika momwemo. Anyamata omasulira mafilimu amalankhula pamwamba pa mawu a Chingerezi, Chitchaina kapena Chihindi, napatsa apangankhani maina a kumudzi, nawonjezera nthabwala zawozawo. Nthawi zina amapotoza nkhani mpaka mwini wake sangaizindikire, ndipo gawo lodalira mawu osankhidwa bwino monga Duet lingafere m'manja mwawo. Koma akafika pa chombo, pa loboti kapena pa mfuti yotulutsa kuwala saima kuti afunefune liwu m'dikishonale. Amalipeka pomwepo, holo yonse nkumva.