Ulemu kwa okonza bonanza ya kumapeto kwa chaka

Ku America, matimu a m'mayunivesite akatsiriza ligi amakumana pa masewero otsekera nyengo. Akale kwambiri ndi a Rose Bowl ku Pasadena, omwe adayamba pa 1 Januwale 1902 pomwe Michigan idakwapula Stanford 49-0. Mpira wawo ndi wina, wogwira ndi manja, koma mwambo wotsekera chaka ndi chikho nafenso tili nawo. Ndi bonanza ya pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi.

Ntchito imayamba kusanache. Anyamata amalemba mizere ya bwalo ndi phulusa, ena akuzika mitengo ya bulugama ya magolo. Mvula ikafufuta mizereyo, amabwerezanso osanyinyirika. Woyimbira amathamanga m'matope tsiku lonse, malipiro ake n'kungothokozedwa. Opambana amanyamula mbuzi, mpira watsopano kapena yunifolomu, amayi akuimba ndi kuvina mpaka kumudzi.

Ku Dowa komweko, pa Dzaleka, mpira uli ndi phindu lapadera. Malowa adali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 adasanduka msasa wa othawa kwawo. Lero kuli anthu ochokera ku DRC, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia. M'mbali mwa bwalo mumamveka Chiswahili, Chirundi ndi Chichewa, koma chigoli chikalowa ochemerera amakumbatirana osafunsana kwawo.

Okonza masewerowa ngoyenera ulemu. Bungwe loyendetsa mpira la FAM ndi amalonda a m'maboma athu awathandize ndi mipira, maukonde ndi maphunziro a oyimbira.