Nyimbo Zotsazika za Glen Campbell

M'mwezi wa June chaka cha 2011, woimba wina wotchuka wa ku America, dzina lake Glen Campbell, anauza anthu a dziko lake kuti madokotala anampeza ndi nthenda ya Alzheimer, ndiyo nthenda ija imafafaniza zimene munthu akumbukira pang'onopang'ono, kufikira aiwala ngakhale maina a ana ake omwe. Pa nthawiyo n'kuti ali ndi zaka 75. Ambiri akalandira uthenga wotere amalowa m'nyumba nabisala, ndipo abale awo amathandiza kuwabisa. Koma iye anatenga gitala wake nayenda m'mizinda kukatsazika, najambulanso nyimbo zimene zinatuluka pa zimbale zitatu ndi m'kanema mmodzi. Nyimbo zimenezo ndizo ziyesedwe pano.

Kuyesa ntchito ya munthu wodwala n'kovuta, pakuti chifundo chimathamangira patsogolo nichitseka makutu. Womvetsera akangodziwa kuti woimbayo sadziwanso tsiku kapena chaka, amayamba kuyamikira kanthu kalikonse, kabwino ndi kopanda pake komwe, monga mphunzitsi wopatsa mwana wamasiye malikisi amene sanawagwirire ntchito. Mtima wa mphunzitsi wotereyo ndi wabwino, koma mwanayo wapeputsidwa, chifukwa wauzidwa mwakachetechete kuti ntchito yake siyenera kuyesedwa pamodzi ndi ya anzake. Campbell anali mmisiri kwa zaka zoposa 50, ndipo ulemu womuyenera ndiwo kumva nyimbo zake zotsiriza ndi khutu lomwelo limene linamva zoyamba.

Iye anabadwa pa 22 April 1936 ku Billstown, pafupi ndi kamzinda ka Delight m'chigawo cha Arkansas, m'banja la ana 12. Atate ake anali kulima thonje m'munda wa mwini wina nagawana naye zokolola, monga achitira matenanti. Anayamba kugwira gitala ali ndi zaka zinayi, naphunzira kwa abale ake ndi pomvera wayilesi. Sukulu sanapite nayo patali. Atafika ku Los Angeles chaka cha 1960 analowa m'gulu la oimba aganyu amene pambuyo pake anatchedwa Wrecking Crew, amene ntchito yawo inali kuimbira zipangizo aliyense wobwera kudzajambula. Kotero gitala wake amveka m'nyimbo za Frank Sinatra ndi za Beach Boys. Kutchuka kwake kwa iye yekha kunadza mu 1967 ndi "Gentle on My Mind" ndiponso "By the Time I Get to Phoenix", kenaka "Wichita Lineman" mu 1968, "Galveston" mu 1969 ndi "Rhinestone Cowboy" mu 1975. Mtundu wa nyimbo zake ndi uja wotchedwa country, umene omvera wayilesi m'Malawi anauzolowera kalekale pa mawu a Jim Reeves ndi Don Williams.

M'mbiri yonseyi muli kanthu kamodzi koyenera kukagwiritsa: Campbell sanali kudziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa pa pepala. Anzake a Wrecking Crew anali kuyang'ana zizindikiro, iye anali kutchera khutu, namva kamodzi, zala n'kutsata. Luso lake lonse linasungidwa m'khutu, m'khosi ndi m'manja, mmene linalowa mwa kubwereza kwa zaka zosawerengeka. Tsono nthenda imene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaifotokoza mu 1906, imayamba kuononga kachigawo ka ubongo kamene kamalandira ndi kusunga zinthu zatsopano, pamene zimene thupi linazolowera kuchita zimachedwa kuchoka. Mu 2015 ofufuza a ku Leipzig anasonyeza kuti zigawo za ubongo zosunga nyimbo zimene munthu anazidziwa kale zili pakati pa zigawo zimene nthendayi imazifika mochedwa. Ichi ndicho chifukwa chake munthu amene sanathe kuuza dokotala dzina la pulezidenti woyamba wa dziko lake, monga aonekera m'kanema uja, anali kutha kukwera pa nsanja madzulo naimba gitala wa "Wichita Lineman" wosaphonya. Ndipo muyeso wa zimbalezi ukhoza kutengedwa pomwepa: zikoma pamene zitsamira pa chimene chinatsala mwa iye ndi kunena zoona za chimene chinachoka, zifooka pamene anthu ena amuveka zovala za maliro iye akali moyo.

Chimbale choyamba, Ghost on the Canvas, chinatuluka mu August 2011. Wochikonza, Julian Raymond, anali ndi chizolowezi cholemba mawu amene Campbell anali kuyankhula pocheza, nawasandutsa nyimbo. Zina zinapekedwa ndi oimba ena monga Paul Westerberg ndi Jakob Dylan. Nyimbo yotsegulira, "A Better Place", ili ngati pemphero la munthu wothokoza amene avomera kuti nthawi zina amasokonezeka, ndipo ikoma chifukwa cha kuchepa kwake. Koma chimbale chonsecho chili ndi vuto la kudzikongoletsa. Pakati pa nyimbo anaikapo tizidutswa ta zoimbira zokha, topanda mawu, tofuna kukumbutsa womvera zaka za m'ma 1960. Azeze ndi ochuluka, ndipo pena mawu a mwini wake amamira m'menemo. Womvera amazindikira msanga kuti ali kuuzidwa pamene ayenera kulira. N'chimbale chabwino, inde, koma chimanga chipilala cha munthu amene akali kuyenda. Chachiwiri, See You There cha mu 2013, chili ndi nyimbo zake zakale zoimbidwanso ndi zipangizo zochepa. Chithandiza wofuna kumva mmene mawu anakalambira, ndipo za icho n'zokhazo.

Ulendo wotsazika unalinganizidwa kukhala wa masabata asanu, koma unatha ndi zionetsero 151, chotsiriza chili cha ku Napa m'chigawo cha California pa 30 November 2012. Pa nsanja anali ndi ana ake atatu: Cal pa ng'oma, Shannon pa gitala, ndi Ashley pa banjo ndi limba. Mawu a nyimbo anali kuwawerenga pa magalasi oikidwa patsogolo pake. Kanema wa James Keach wotchedwa Glen Campbell: I'll Be Me, wa mu 2014, sabisa zovuta zake. Aonetsa bamboyo ali kuyang'ana zithunzi za banja lake nafunsa kuti ameneyo ndani, pamene ali iye mwini. Aonetsa mkwiyo wake, ndi usiku wa ku Napa pamene zinthu zinabalalika ndipo banja linaona kuti pafika polekera.

Malo okoma koposa m'zionetserozo anali pamene iye ndi Ashley anali kuyankhana, mwana aponya kachidutswa pa banjo, atate nachibweza pa gitala, liwiro likukulirakulira. Pamenepo panalibe galasi loti awerengepo. Munthu amene mwina sakanatha kutchula dzina la mwanayo m'mawa mwake anali kumuyankha msanga ndi mwanthabwala, monga wotsogolera nyimbo ndi ovomera ayankhana pa bwalo.

Ena anafunsa ngati kunali koyenera kuimika wodwala wotere pamaso pa khamu, ndipo funso lawo si lopusa. Munthu amene saona kukula kwa nthenda yake sangavomere kotheratu zonse zimene zichitika m'dzina lake, ndipo pamene pali ndalama za pakhomo kukayikira sikulephera. Komabe aliyense woona kanemayo aona kuti pa nsanja ndi pamene munthuyo anali kubwerera mwa iye yekha. Cholakwa, ngati chilipo, chili pa kutalika kwa ulendowo: zionetsero za kumapeto zikanatha kusiyidwa.

Ntchito yoposa zonse ndi kanyimbo kosakwana mphindi zitatu, "I'm Not Gonna Miss You", kojambulidwa mu January 2013 pamodzi ndi anzake akale a Wrecking Crew, Hal Blaine, Joe Osborn ndi Don Randi. Mutu wake utanthauza kuti woimbayo sadzamusowa wokondedwa wake. Raymond anafotokoza kuti maganizowo anachokera kwa Campbell mwini, tsiku lina atatopa ndi anthu omufunsa mmene ali kumvera. Nyimbo zotsazika zimene anthu anazizolowera, za pa maliro ndi za pa ulendo zomwe, zimalonjeza kukumbukira: wopita anena kuti sadzaiwala, otsala nayankha chimodzimodzi. Iyi itembenuza lonjezo limenelo. Mwamuna auza mkazi wake, Kim, kuti amkonda ndipo sadzakondanso wina, koma kuti misozi yake sadzaizindikira, ndi kuti katundu yense wa chisoni adzatsala kwa mkaziyo, iye osasenzako kanthu. Aonjeza kuvomera kuti m'kuiwalamo muli kupepukidwa kwina kwa iye mwini. Mawu otere akanakhala nkhanza pakamwa pa munthu wamoyo wabwino, koma pakamwa pa uyu ali chilungamo, ndipo ndicho chifukwa chake alasa.

Kaimbidwe kake nakonso n'koyenera. Iyamba ndi piyano, mosafulumira, ndipo mawu a woimba sakwera kukafuna misozi. Aimba mosalala, ngati munthu wopereka malangizo a panyumba asananyamuke, ndipo kusalala kumeneko kugwirizana ndi chimene chili kunenedwa, pakuti munthu wonena kuti sadzamva chisoni sayenera kuimba molira. Pano Raymond anadziletsa, ndipo zimene zinamulaka pa Ghost on the Canvas anazipeza. Wophunzira ndakatulo aone bwino chinthu ichi: mphamvu ya nyimboyi siichokera ku mawu ozama kapena mafanizo, popeza mulibe fanizo lodabwitsa ngakhale limodzi, koma ku kulimba mtima konena chimene aliyense m'nyumbamo achidziwa ndipo aopa kuchitchula. Inalandira mphotho ya Grammy mu 2015 monga nyimbo yopambana ya country, niikidwanso pa mndandanda wopikisana pa mphotho ya Oscar. Mwini wake n'kuti ali kale m'nyumba yosamalira odwala ku Nashville, kumene analowa mu 2014.

Pali phindu lina la nyimboyi limene mphunzitsi wa kumudzi angalione msanga kuposa anthu a ku Los Angeles. M'midzi yambiri gogo woiwalaiwala, wosochera usiku, wotchula maina a anthu amene anafa kale, amanong'onedwa kuti ndi mfiti, ndipo ena amenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mbiri yotere. Kumva munthu wodziwika akutchula nthenda yake poyera, nafotokoza mmene ionekera kwa mwini wodwalayo, kumabwezera khalidwe lotere ku malo ake, ndiko ku chipatala.

Chimbale chotsiriza, Adiós, ndiko kunena kuti tsalani bwino m'chiyankhulo cha ku Spain, chinajambulidwa ulendo uja utangotha koma chinatuluka mu June 2017. Wochikonza anali Carl Jackson, amene anaimba banjo m'gulu la Campbell kwa zaka 12 kuyambira 1972. Anasankha nyimbo zimene Campbell anali kuzikonda ndi kuziimba kunyumba koma zambiri anali asanazijambule: zinayi za Jimmy Webb, mpeki uja wa "Wichita Lineman", ina ya Fred Neil, ina ya Bob Dylan, ndi ina ya Willie Nelson imene awiriwo aimbira pamodzi. Pa nthawiyi woimbayo sanali kuthanso kusunga ndime yathunthu. Jackson anali kuima pambali pake ndi mawu olembedwa m'zilembo zazikulu, ndipo pena anali kumpatsa mzere umodzi umodzi, iye nauimba, kenaka zidutswazo n'kulumikizidwa.

Aliyense amene anaimapo patsogolo pa kalasi adziwa njira imeneyi, ndipo adziwanso kukayika kumene ibweretsa. Mwana wobwereza mzere pambuyo pa mphunzitsi angamveke ngati wodziwa pamene mutu uli kwina. Kodi tsono mawu a pa Adiós ndi a yani, a Campbell kapena a Jackson? Yankho lili m'khutu. Mphunzitsi angapereke mawu, koma sangapereke pamene mpweya udulidwa, pamene liwu lichedwa pang'ono kumbuyo kwa ng'oma, kapena mmene litsikira pa mapeto a mzere. Ndipo zimenezi pa Adiós n'zomwe zija za mu 1968, zili zokhuthala chabe ndi ukalamba. Chimene chisowa ndi ulusi wautali. Campbell wakale anali kumanga nyimbo kuyambira ndime yoyamba, akusunga mphamvu kuti adzaitulutse kumapeto, ndipo munthu wopatsidwa mzere umodzi sangachite zimenezo, chifukwa sadziwa kumene nyimbo ipita. Nyimbo zina za pa chimbalechi zili ngati mikanda yokongola yotungidwa ndi dzanja la wina. Komabe Jackson anachita bwino kusiya zoimbira zochepa, ndipo pa zimbale zitatuzi ichi ndicho chosadzionetsera.

Pa nyimbo zake 12 pali imodzi imene Jackson anaipeka yekha, "Arkansas Farmboy". Anailemba zaka zambiri m'mbuyomo, kuchokera pa nkhani zimene Campbell anamsimbira ali pa ulendo, za umphawi wa ku Billstown, za agogo ake ndi za gitala wotchipa uja wa paubwana. Pofika tsiku lojambula, mwini nkhanizo anali ataiwala zambiri za izo, ndipo mnzake amene anazisunga anali kumbwezera ubwana wake mzere ndi mzere kuti auimbe. Campbell anamwalira ku Nashville pa 8 August 2017, miyezi iwiri chitulukire chimbalecho, ali ndi zaka 81, ndipo anakaikidwa m'manda a makolo ake ku Billstown.