Dokotala Amene Mwana Angathe Kumukana

Mwana akagonekedwa m'chipatala amataya zinthu zambiri nthaŵi imodzi. Zovala zake amamuvula, nthaŵi yodya ndi yogona amamusankhira ndi ena, ndipo thupi lake limakhala m'manja mwa aliyense wovala zoyera amene wabwera kudzaliyeza kapena kudzalibaya. Akakana jakisoni, mayi ake omwe, amene kunyumba amamutchinjiriza ku zoopsa zonse, ndiwo amamugwira manja kuti namwino agwire ntchito yake. Zonsezi zimachitika pofuna kupulumutsa moyo wake, ndipo palibe kholo lanzeru limene lingatsutse. Komabe tikaima kumbali ya mwanayo, tiona kuti m'nyumba imeneyi mawu akuti "ayi" sali m'manja mwakenso.

Kuyambira chaka cha 1986, m'zipatala zina za ana ku America, ku Ulaya ndi kwina mwakhala mukuyenda madokotala a mtundu wachilendo. Amavala mkanjo woyera ngati madokotala enieni, koma mkanjowo umakhala ndi zigamba za maŵangamaŵanga, m'matumba mwake muli zidole, ndipo pankhope pamakhala kamphuno kofiira kozungulira. Aŵa ndi akatswiri a zisudzo ndi nthabwala, amene pa Chingerezi amaŵatcha clown, ndipo aliyense wa iwo ali ndi dzina lake la udokotala ndi khalidwe lake loseketsa limene adalipeka yekha. Tikufuna tilingalire za makhalidwe opekaŵa monga momwe timalingalirira za seŵero kapena buku, kuti tione chimene chimaŵapatsa mphamvu ndiponso pamene amasokera.

Ntchitoyi idayamba mu mzinda wa New York. Michael Christensen, mmodzi mwa anthu aŵiri amene adayambitsa gulu la maseŵera oseketsa la Big Apple Circus mu 1977, adaitanidwa mu 1986 kukasangalatsa ana odwala mtima pa chipatala cha Babies Hospital. Mbale wake adali atamwalira ndi khansa chaka chapitacho, ndipo adamsiyira chikwama cha udokotala. Christensen adapita ndi chikwamacho, nadzitcha Dr. Stubs. Iye ndi anzake adayamba kuyendera mawodi monga achitira madokotala m'maŵa, koma chithandizo chawo chidali chokhota: ankaika ana mphuno zofiira n'kunena kuti aŵachita opaleshoni yosintha chiŵalo, ndipo m'malo moika magazi ankanamizira kuika mkaka wa chokoleti. Gulu lawo adalitcha Clown Care Unit. Big Apple Circus itagwa m'ngongole mu 2016, ena mwa oseketsa ake adapitiriza ntchitoyi pansi pa dzina la Healthy Humor.

Anthu amene adaphunzira ku New York adanyamula nzeruyi kupita nayo kutali. Caroline Simonds, mayi wamtali kwambiri amene adasandutsa kutalika kwakeko kukhala nthabwala podzitcha Dr Girafe, kutanthauza kadyansonga, adayambitsa bungwe la Le Rire Médecin ku Paris mu 1991. Chaka chomwecho Wellington Nogueira adayambitsa Doutores da Alegria ku São Paulo m'dziko la Brazil. Ku Switzerland, André ndi Jan Poulie adakhazikitsa bungwe la Theodora mu 1993, pokumbukira mayi awo amene ankaseketsa André pamene adagona m'chipatala nthaŵi yaitali atachita ngozi ali mwana. Ku Australia kudali Peter Spitzer, dokotala weniweni, amene ankati akavala mphuno yofiira dzina lake linkakhala Dr Fruit-Loop.

Funso loyamba ndi lakuti: bwanji anthu ameneŵa adasankha kudzitcha madokotala? Akadatha kuloŵa m'wodi ngati mafumu a m'nthano kapena ngati nyama za m'tchire. Yankho lake tilipeza m'maso mwa mwana. M'chipatala munthu wamkulu koposa onse ndi dokotala. Akaloŵa, aliyense amakhala chete, makolo amaimirira, ndipo mawu amene amalankhula ndi ovuta kuŵamva. Woseketsa amatenga ulemerero wonsewo n'kuutembenuza chadodolido. Dokotala wake amamvera kugunda kwa mtima pa bondo, amapima kutentha kwa thupi ndi chinthu chosayenera, amaiŵala pamene pali chitseko n'kudzigunditsa kukhoma. Mwana wa zaka 6, amene masabata onse wakhala akuuzidwa zochita, mwadzidzidzi amapezeka kuti ndiye akudziŵa bwino koposa dokotala. Amamukonza, amamulamula, mwinanso kumukalipira. Zida zimene zimamuopsa masana onse amaziona zili m'manja mwa munthu wosadziŵa kuzigwira, ndipo mantha ake amachepako.

Pachifukwa chimenechi oseketsaŵa kaŵirikaŵiri amayenda aŵiriaŵiri, potsata mwambo wakale wa maseŵera a ku Ulaya. Mmodzi amadzitenga kukhala wanzeru ndi wolamula, mnzake amakhala wopusa amene amasokoneza chilichonse chimene wauzidwa. Mwana amene alibe mphamvu zoseŵera angathe kungoonerera aŵiriwo akukangana, ndipo amene ali ndi mphamvu amaitanidwa kuti aweruze mlandu wawo. Nthaŵi zambiri mwana amakhala kumbali ya wopusayo, pakuti m'chipatala wolamulidwa ndi iye mwini.

Koma mbali ya khalidwe lawo imene tikuiona yopambana zonse imachitika pakhomo, seŵero lisadayambe. Woseketsa wophunzitsidwa bwino saloŵa m'chipinda asadapemphe. Amagogoda kapena kusuzumira, n'kudikira. Mwana akapukusa mutu, dokotala wa mphuno yofiira amachoka, mwina akudzikoka pang'onopang'ono ngati wathamangitsidwa ndi mfumu. Mwana ameneyu sangakane mankhwala, sangakane kuyezedwa magazi, koma pali dokotala mmodzi amene amamvera akauzidwa kuti achoke. Ife tikuona kuti kukanidwa kumeneku ndi mbali ya mphatso imene woseketsa amabweretsa, ndipo tsiku limene wabwezedwa pakhomo asaliŵerengere ngati tsiku lolephera.

Apa ndi pamene tiyenera kunena za kanema amene adatchukitsa nkhani ya nthabwala m'chipatala pa dziko lonse. Mu 1998 kudatuluka kanema wotchedwa Patch Adams, momwe Robin Williams adaseŵera ngati Hunter Adams, dokotala wa ku America amene adayambitsa Gesundheit! Institute mu 1971. Williams adali katswiri, ndipo ambiri amene adaonera adagwetsa misozi. Komabe tikamuyang'anitsitsa kanemayu, tiona kuti maso onse ali pa woseketsa. Iye ndiye wanzeru koposa aphunzitsi ake, iye ndiye wa mtima wabwino pakati pa madokotala ouma mtima, ndipo ana odwala khansa aikidwamo kuti aseke pa nthaŵi yake ndi kumuchitira umboni pamapeto. Amaloŵa m'mawodi popanda chilolezo, ndipo kanemayo amafuna kuti tiombe m'manja. Adams mwini wake sadakondwere naye, ndipo adadandaula poyera kuti adangomusandutsa dokotala woseketsa n'kusiya pambali nkhondo yake yofuna kuti anthu azilandira chithandizo chaulere. Khalidwe la m'kanemayu limakweza woseketsa pamwamba pa onse. Khalidwe la Dr. Stubs ndi anzake limatsitsa woseketsa pansi pa onse kuti mwana akwere. Kwa ife lachiŵirili ndilo laluso, ndipo ndilo lovuta, chifukwa munthu wa zisudzo mwachibadwa amafuna kuonedwa.

Pali enanso amene amalakwitsa mwa njira ina, polonjeza zoposa zimene mphuno yofiira ingachite. Timamva anthu akunena kuti kuseka ndi mankhwala oposa onse. Mawuŵa ndi okoma pakamwa, koma mayi amene mwana wake ali ndi khansa ya m'magazi amadziŵa kuti sali oona. Zimene ofufuza apeza n'zocheperapo koma n'zenizeni. Mu 2005 Laura Vagnoli ndi anzake pa chipatala cha ana cha Meyer mu mzinda wa Florence ku Italy adafalitsa zimene adapeza pa ana 40 a zaka zapakati pa 5 ndi 12 amene ankapita ku opaleshoni. Ena adaperekezedwa ndi kholo lokha, ena ndi kholo pamodzi ndi oseketsa. Pa nthaŵi yoŵagoneka tulo ndi mankhwala, ana a gulu lachiŵirili adali ndi nkhaŵa yocheperapo. Mu 2020 magazini ya zachipatala ya BMJ idasonkhanitsa zofufuza 24 zokhudza ana 1,612, ndipo idapeza kuti oseketsa angathandize kuchepetsa nkhaŵa ndi kupepuza mitima ya ana. Palibe padalembedwa kuti chotupa chidachepa chifukwa cha nthabwala. Woseketsa woona mtima amadziŵa kuti udokotala wake ndi wa seŵero, ndipo amasiyira madokotala enieni ntchito yochiza.

Kafukufuku wa ku Florence adaonetsanso chinthu china chimene okonda ntchitoyi sakonda kutchula. Madokotala ndi anamwino adavomera kuti ana adapindula, komabe ambiri a iwo sadafune kuti ntchitoyo ipitirire, chifukwa adaona kuti oseketsa ankasokoneza dongosolo la chipinda cha opaleshoni. Sitingaŵaimbe mlandu wouma mtima. Munthu amene akuyang'anira kupuma kwa mwana wogonekedwa tulo ali ndi ufulu wofuna bata. Khalidwe limene mphamvu yake yagona pa kusokoneza liyenera kudziŵa bwino malo amene chisokonezo sichiloledwa. N'chifukwa chake mabungwe okhazikika amalemba ntchito akatswiri okhaokha, amaŵaphunzitsa za ukhondo wa m'chipatala ndi za kusunga chinsinsi cha odwala, ndipo oseketsa amayamba afunsa anamwino za mwana aliyense asadayambe kuyendera wodi.

Tisaiŵalenso kuti ana ena amaopa nkhope yopentedwa. Mu 2008 ofufuza a pa yunivesite ya Sheffield ku England adafunsa ana oposa 250 a zaka zapakati pa 4 ndi 16 za zithunzi zokongoletsera makoma a zipatala, ndipo adapeza kuti anawo sadakonde zithunzi za oseketsaŵa, ena mpaka kuziopa. Nkhaniyo inkakhudza zithunzi za pakhoma, zimene sizingagogode kapena kubwerera m'mbuyo zikaona kuti mwana wachita mantha. Komabe phunziro lake ndi lomveka. Oseketsa a m'chipatala ambiri adasiya kupenta nkhope yonse ndi kuvala tsitsi loopsa monga achitira anzawo a m'mabwalo a maseŵera. Amasiya nkhope ya munthu ikuoneka, ndi kamphuno kokha pakati pake. Jacques Lecoq, mphunzitsi wa zisudzo wa ku Paris, ankaona kamphuno kameneka ngati chigoba chaching'ono koposa zonse, chimene chimaulula kufooka kwa wochivala m'malo mokubisa.

Kudzichepetsa kotereku si kwachilendo kwa ife a Mpingo. Filipo Neri Woyera, amene adakhala ku Roma ndipo adamwalira mu 1595, ankayendera odwala m'zipatala za mumzindamo, ndipo anthu atayamba kumulemekeza kwambiri ankadzisandutsa choseketsa mwadala, mpaka kuyenda m'misewu atameta ndevu mbali imodzi yokha. Ankadziŵa kuti munthu wolemekezeka amaopsa ofooka ngakhale asakufuna, ndipo kuti njira ina yofikira kwa iwo ndi kulola kuti akuseke. Akuluakulu athu adati wamisala adaona nkhondo. Munthu amene onse amamutenga ngati wopusa nthaŵi zina amaona zimene anzeru sakuona, ndipo m'wodi ya ana chimene amaona ndi chakuti pabedi pagona mwana amene akufunabe kuseŵera, ngakhale pa khadi lake palembedwa dzina la matenda oopsa.

Tsono khalidwe la dokotala woseketsa tiliyese ndi muyeso uti? Kuchuluka kwa phwete sikungatiuze zonse, pakuti pali masiku amene mwana ali pa ululu waukulu ndipo chimene woseketsa angachite ndi kuimba chapansipansi kapena kuulutsa thovu la sopo pafupi ndi bedi, n'kuchoka. Muyeso wabwino ndi kufunsa kuti seŵero likatha, amene waoneka wamkulu m'chipindamo ndani. Ngati ndi woseketsa, ndiye kuti odwala aŵagwiritsa ntchito ngati oonerera. Ngati ndi mwana, amene kwa mphindi zochepa walamula, wakana, waweruza ndi kuseka munthu wamkulu wovala zoyera, ndiye kuti khalidwelo lagwira ntchito yake.

Ambiri a ife sitidzavala mphuno yofiira, koma tonse timapita kukazonda odwala, ndipo pakati pawo pamakhala ana. Kaŵirikaŵiri timafika ndi nkhope zachisoni, timazungulira bedi, n'kumakambirana za matenda a mwanayo ndi makolo ake ngati mwiniwake palibe. Tikadatengerako pang'ono kwa Dr. Stubs ndi anzake, bwenzi tikuyamba ndi kupempha mwanayo ngati akulola kuti tikhale pafupi naye, bwenzi tikutsika kuti maso athu alingane ndi ake, ndipo akatiuza kuti watopa nafe, bwenzi tikumvera ndi kutuluka.