Nyumba ya Shiwa Ng'andu: Tikusunga Chiyani?

Kumpoto kwa Zambia, m'dziko la Abemba, pafupi ndi nyanja ya Ishiba Ng'andu, kuli nyumba yaikulu ya njerwa zofiira ya Stewart Gore-Browne. Mngelezi ameneyu adaona malowo mu 1914 atatsiriza ntchito yolemba malire a Northern Rhodesia ndi Belgian Congo, ndipo adabwerako mu 1920 kudzakhazikika. Nyumbayo ili ndi nsanja, makonde, chipinda cha mabuku ndi kachalichi. Mamangidwe ake ngotengera nyumba za eni minda a ku England, osakanizika ndi a ku Italy.

Aristotle adaphunzitsa kuti chinthu chopangidwa timachimvetsa pofunsa zinayi: chidapangidwa ndi chiyani, chili ndi maonekedwe otani, adachipanga ndani, ndipo cholinga chake nchiyani. Alendo ambiri amayamikira maonekedwe okha, pamene maonekedwewo ndiwo obwereka. Njerwa zidaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, pakuti njanji inali kutali makilomita mazanamazana. Oumba, otema mitengo ndi omanga anali anthu a m'midzi yozungulira. Tsono nyumbayi njachingelezi pa maso, koma dothi ndi manja nza Abemba.

Mwiniwakeyo sitingamuweruze ndi mau amodzi. Adamanga sukulu ndi chipatala, adathandiza Kenneth Kaunda pomenyera ufulu, ndipo atamwalira mu 1967 boma lidamchitira maliro aulemu. Komabe antchito adamutcha Chipembere chifukwa cha ukali wake, popeza ankaŵamenya.

Mwana wake wamkazi ndi mkamwini wake ataphedwa mu 1992, nyumbayo idayamba kuwonongeka, mpaka adzukulu adaikonza naitsekulira alendo. Adachita bwino, pakuti ngakhale Chikalata cha ku Venice cha 1964 chimavomereza kuti nyumba yakale imasungika bwino ikamagwira ntchito yothandiza anthu.

Koma kufolera denga ndi theka chabe la ntchito. Tikasunga zipupa ndi zithunzi za banja limodzi, nkuiŵala amene adasenza njerwa, ndiye kuti tasunga maloto a munthu mmodzi, mbiri yeniyeni taitaya. Oyang'anira zinthu zakale ayenera kupita m'midzi ya ku Shiwa, kukafunsa adzukulu a amisiri aja maina a makolo ao, ndi kuŵalemba poonekera m'nyumba momwemo. Nthaŵi yochitira zimenezi njochepa, chifukwa okumbukirawo akukalamba.