Khoma la ku Kizimkazi ndi Changu Chathu

Tinanyamuka mumzinda wa Zanzibar titangoswali Fajr, tili aphunzitsi angapo a madrasa, ndipo dzuwa lisanawawe tinali titafika ku Kizimkazi, kum'mwera kwenikweni kwa chilumba cha Unguja. Galimoto zambiri zimene tinatsatana nazo zinali za alendo okaona ma dolphin panyanja. Mzikiti wa ku Dimbani, umene ife tinadzera, eni maulendowa amautenga ngati pongopumira: woyendetsa amaima pang'ono, anthu n'kujambula, n'kumapita.

Tivomereze kuti nafenso titatsika tinagwa mphwayi. Kunja kwake ndi nyumba yaifupi ya ngodya zinayi, yofoleredwa ndi malata, yopanda nsanja yaitali yoitanira adhana. Mmodzi mwa ife ananong'ona kuti wa kwawo ku Makanjira umaposa pamenepa. Sananame, ngati muyeso wa mzikiti uli msinkhu ndi penti.

Chuma cha nyumbayi chili mkati, pakhoma la chibula, limene kumeneko lili chakumpoto. Mbali zonse ziwiri za mihrabu kwadutsa lamba wa malemba a Chiarabu, osemedwa pa miyala ya m'nyanja yamchere imene Aswahili amaitcha matumbawe. Mwalawu umakhala wofewa ukangovuulidwa ndipo umalimba ukauma, choncho wosema amagwira ntchito mopikisana ndi nthawi. Malembawo ndi a mtundu wa Kufi, ndipo nsonga za zilembo zake zimathera m'masamba ndi timaluwa. Muli ndime za Qur'an, dzina la mkulu amene analamula kuti mzikiti umangidwe, ndi nthawi yake: mwezi wa Dhul-Qa'da, chaka cha 500 chiyambire Hijra, chimene ndi 1107. Pamene Jumbe Salim bin Abdallah ankakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, khomali linali litamva kale takbira kwa zaka zoposa 700.

Ife amene tinapita kukoleji ya Chisilamu, amene timadzudzula ana akaphonya fat-ha, tinaima pamenepo tikudodoma ngati ophunzira a tsiku loyamba. Kufi wakale alibe timadontho tosiyanitsa ba ndi ta, alibenso zizindikiro za katchulidwe. Amawerenga bwino ndi munthu amene ndimeyo ili kale pamtima pake. Diso limangotsimikizira chimene lilime likuchidziwa. Wosemayo ankalembera anthu oloweza.

Mmisiri wa ku Kizimkazi anali wodziwa kumana. Makoma ena anawasiya opanda kanthu, luso lake lonse n'kuliunjika pamene nkhope zonse zimayang'ana. Mihrabu yake ili ndi chipata cha magobede atatu, ndipo imakoka diso popanda kufuula. Komabe sitingam'yamike osatchula chotsutsa. Akatswiri ambiri a fiqh sanakondwere ndi kulemba kapena kukongoletsa khoma la chibula, poopa kuti woswali angatanganidwe ndi kuwerenga m'malo modzichepetsa pamaso pa Allah. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo sitiikankhira pambali. Tikungoona kuti lamba wopyapyala wovuta kuwerenga sasokoneza mtima monga zimachitira wotchi za magetsi ophethira ndi makalendala a m'sitolo zimene ife tapachika pamalo omwewo kwathu kuno.

Chimene chatilembetsa nkhaniyi ndi china. Mzikiti umene ukuoneka lero, mbali yake yaikulu inamangidwanso cha m'ma 1770. Omanga a nthawi imeneyo anapeza malemba a anthu amene anawatsogolera ndi zaka zoposa 600, ndipo sanawaphwanye. Anawasunga, naonjezera malemba awoawo onena za ntchito yawo. Mibadwo iwiri ikulankhula pakhoma limodzi, wina osafafaniza mnzake.

Nanga ife a m'mbali mwa nyanja timatani? Wachifundo akalonjeza simenti, mzikiti wazidina umene agogo athu anaponda dothi lake umagwetsedwa sabata isanathe. Palibe amajambula, palibe amafunsa nkhalamba kuti unamangidwa liti ndipo shehe woyamba kuimirira kutsogolo anali yani. Chitseko chosema chimathera kukhola la mbuzi. Pakhoma latsopano pamakhomedwa chikwangwani cha wopereka ndalama, ngati kuti Chisilamu cha mudziwo chayamba tsiku limene lole ya njerwa inafika. Sitikunyoza opereka, Allah awalipire zabwino, ndipo jamaa ikakula nyumba iyenera kukula. Koma kusunga mwala umodzi ndi kulemba chaka chimodzi sikudula kuposa thumba la simenti.

Malata a ku Kizimkazi sitiwateteza. Sagwirizana ndi khoma limene akuliphimba, ndipo masana amatentha monga amatenthera kwina kulikonse. Ubwino wawo ndi umodzi: mvula siilowa, choncho anthu akuswalirabe m'menemo.

Panja pali manda akale a masharifu, ena omangiriridwa tinsalu ndi anthu odzachita ziyara. Apa gulu lathu linagawanika, monga mmene timagawanikira pamaliro kwathu pakati pa a zikiri ndi a sukuti. Ena anafuna kukhalitsa pa duwa, ena anaipidwa ndi tinsaluto. Tinagwirizana pa zimene tonse timaziphunzitsa: tinapereka salamu kwa eni manda, tinawapemphera chikhululuko, ndipo sitinawapemphe kanthu. Omanga nawonso anaika malire oonekeratu, pakuti manda ali kunja kwa makoma ndipo Swala ili mkati.

Woyendetsa wathu anatipatsa theka la ola. Tinam'pempha kuti adikire mpaka Dhuhr, iye n'kuvomera monyinyirika, akuloza wotchi. Nthawi itakwana anafika asodzi ndi nkhalamba zingapo za m'mudzimo, navula nsapato pakhomo, nafola mzere umodzi ndi ife. Palibe mmodzi mwa iwo anakweza maso kuyang'ana chaka cha 500. Imamu atapereka salamu, hutala inali ikulira kale kumsewu.