Unamwino Umayambira Pakhomo

Ku Tsangano ndi ku Macanga, m'dziko la Mozambique, unamwino umayambira pa mphasa ya wodwala. Mtsikana amene wakhala akumwetsa agogo ake phala, kuwatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda, ndi kuwachapira zofunda m'chisanu cha Juni, waphunzira kale kuleza mtima ndi kusanyansidwa. Zimenezi n'zovuta kuziphunzira m'kalasi.

Ena otere ndi amene mudzi umawasankha kukhala APE (Agente Polivalente Elementar), ndiye kuti wazaumoyo wa m'mudzi. Ntchitoyi inayamba mu Mozambique mu 1978, inafooka pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, ndipo boma linaitsitsimutsa mu 2010. APE amayeza malungo ndi kadontho ka magazi a pachala, amawerenga kapumidwe ka mwana pofufuza chibayo, amapatsa wotsegula m'mimba madzi a mchere ndi shuga. Matenda akamukulira samakakamira, amatumiza wodwalayo kuchipatala, ngati cha ku Furancungo. Kudziwa polekezera kumeneko ndimakulemekeza kwambiri.

Makolo ndi mafumu, mukaona mwana wa mtima wotere musamusiyitse sukulu kuti azingodwazika odwala pakhomo. Muthandizeni akafike ku sukulu ya zaumoyo ya Instituto de Ciências de Saúde ku Tete.